The Descent: kodi filimu ya m'phangayi n'njoyenera kuitayira nthawi? Mafunso ndi mayankho

Anthu okonda mafilimu oopsa akayamba kukambirana za filimu yomwe inawabanikitsa mpweya, dzina la The Descent silichedwa kutuluka. Ena amaitamanda, ena amati anaizimitsa isanafike pakati. Ine ndili kumbali ya oitamanda, koma sindikufuna kuti wina aiyambe asakudziwa chomwe akulowamo. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera nkhaniyi ikayambika. Pomwe ndaulula mathero ndachenjezeratu.

Tiuzeni mwachidule, tionere kapena ayi?

Onerani. Mwa mafilimu oopsa ochitikira pansi pa nthaka, iyi ndiyo ndimaiika patsogolo. Koma ilipo mitundu itatu ya anthu omwe ndingawapemphe kuti adikire kaye: amene mtima umawathamanga akakhala pamalo othinana, amene magazi amawachititsa chizungulire, ndi amene angoferedwa kumene mwana kapena mnzawo wa m'banja.

Nkhani yake ndi yotani?

Sarah, mayi wa ku Scotland, akutaya mwamuna wake Paul ndi mwana wake wamkazi Jessica pa ngozi ya galimoto. Izi zikuchitika m'mphindi zoyambirira zenizeni, ndipo ngoziyo ikubwera modzidzimutsa, munthu usanakhazikike n'komwe pampando. Patatha chaka, mnzake Juno akusonkhanitsa gulu kuti akalowe m'phanga ku mapiri a Appalachian, ku North Carolina m'dziko la America, ati kuti Sarah apepukidwe mtima. Onse pamodzi ndi azimayi 6: Sarah, Juno, Beth yemwe ndi mnzake wapamtima wa Sarah, Rebecca ndi mng'ono wake Sam, komanso Holly, mtsikana wopupuluma yemwe wabwera ndi Juno.

Atalowa mkati, njira yomwe adzera ikugumuka kumbuyo kwawo. Apa m'pamene Juno akuulula kuti phanga lomwe alimo si la Boreham lomwe anagwirizana, lomwe lili ndi mapu ndipo alendo amalidziwa. Wawabweretsa kuphanga lomwe silinalembedwe paliponse, ndipo buku lolondolera njira walisiya dala m'galimoto. Tanthauzo lake n'lakuti ofunafuna anthu osowa akapita kuphanga lolakwika. Palibe akubwera. Njira yokhayo ndiyo kupita kutsogolo, ndipo kutsogoloko sali okha.

Anaikonza ndani, ndipo inatuluka liti?

Analemba ndi kuitsogolera ndi Neil Marshall wa ku England, yemwe anali atatchuka kale ndi Dog Soldiers ya 2002, ndipo pambuyo pake anadzatsogolera magawo awiri a nkhondo zikuluzikulu mu sewero la pa TV la Game of Thrones. The Descent inatuluka ku Britain mu Julaye 2005, ndipo ku America inafika mu Ogasiti 2006. Ndi yotalika pafupifupi mphindi 100. Anaikonza ndi ndalama zochepa, pafupifupi mapaundi 3.5 miliyoni, koma inabweretsa madola oposa 50 miliyoni padziko lonse, ndipo Marshall anapata nayo mphoto ya wotsogolera filimu wopambana pa British Independent Film Awards mu 2005.

Kutuluka kwake kunakumana ndi tsoka. Pa 7 Julaye 2005 mabomba anaphulika m'sitima zapansi ndi m'basi ku London, ndipo basi yomwe inaphulitsidwa ku Tavistock Square inali ndi chikwangwani chotsatsa filimu yomweyi m'mbali mwake. Otsatsa anasintha zithunzi ndi mawu awo m'masiku omwewo, poti nkhani ya anthu otsekeredwa pansi pa nthaka inali itasanduka chilonda chenicheni mumzindawo.

Sarah amamusewera Shauna Macdonald, Juno ndi Natalie Mendoza, Beth ndi Alex Reid, Rebecca ndi Saskia Mulder, Sam ndi MyAnna Buring, ndipo Holly ndi Nora-Jane Noone.

Choopsa kwenikweni n'chiyani, phanga kapena zilombo?

Ili ndiye funso lenileni, ndipo yankho lake ndi lomwe limandichititsa kuikonda filimuyi. Phanga.

Pafupifupi theka lonse loyamba mulibe chilombo chooneka bwinobwino. Muli thanthwe, mdima, madzi odontha, ndi kupuma kwa anthu. Pali gawo lina pomwe gulu lonse likukwawa chafufumimba m'kanjira kopapatiza, mmodzi pambuyo pa mnzake, chipewa chikukhula denga, zigongono zikukanda m'mbali. Sarah ali kumapeto, ndipo akukanirira. Sangapite kutsogolo, sangabwerere. Mpweya ukuyamba kumuthera chifukwa cha mantha, mawu akutuluka modukaduka. Beth akubwerera chokwawa, akufika naye maso ndi maso, akumulankhula pang'onopang'ono, mpaka kumuuza nthabwala yopanda pake kuti aiwaleko pomwe ali. Ndiye fumbi likuyamba kuyoyoka kudenga, mwala ukusuntha pang'ono. Kamera ili nawo momwemo m'kanjiramo, siikukupatsani kwina koyang'ana. Anthu ambiri omwe amazimitsa filimuyi amazimitsira pamenepa, chilombo asanachione ndi chimodzi chomwe.

Kenako pali chiphompho chomwe ayenera kuwoloka. Rebecca, yemwe ndi katswiri wokwera matanthwe pagululo, akulendewera kudenga ndi manja, kulowetsa zitsulo m'ming'alu imodziimodzi kuti amangirire chingwe. Ali pakati akupeza chitsulo chakale chadzimbiri chokhomedwa kale m'thanthwe. Ndiye kuti anthu ena anafikako zaka zambiri zapitazo. Ngati anafikako koma phangalo silidziwika, anthuwo sanatuluke. Filimuyi sichita kukufuulirani mfundoyi, mumaiona pankhope za azimayiwo.

Holly naye akuona kuwala, akuganiza kuti ndi dzuwa, akuthamanga osamvera anzake, akugwera m'dzenje. Fupa la mwendo likutulukira kunja. Sam, yemwe akuphunzira za udokotala, akulibwezera m'malo anzake atamugwira Holly. Zonsezi ndi zinthu zoti zingathe kumuchitikira munthu weniweni, n'chifukwa chake zimalowa mpaka m'mafupa.

Nanga zilombozo zikabwera, filimu siionongeka?

Pali anthu omwe amatero, ndipo ndimawamvetsa. Amati theka loyamba linali lokwanira palokha, ndipo zilombo zikafika filimu imasanduka yothamangitsana ndi kukhapana monga ena ambiri. N'zoona kuti mtundu wa mantha umasintha. Kubanika kuja kumachepa, m'malo mwake mumabwera kudzidzimuka ndi magazi.

Koma ine sindivomereza kuti imaonongeka. Choyamba, momwe chilombo choyamba chimaonekera poyera ndi luso lenileni. Sarah akuyang'ana anzake kudzera m'kamera ya m'manja yotha kuona mumdima, chithunzi chili chobiriwira, akuyendetsa kamera kuchoka pa nkhope ina kupita pa ina, ndiye kumbuyo kwa Beth kwaima chinthu, chili phee. Marshall sanalole kuti azimayi osewerawo aone anthu ovala ngati zilombowo kufikira tsiku lojambula gawo limenelo, kotero kukuwa komwe mukumva kuli ndi mantha enieni mkati.

Chachiwiri, zilombozi zili ndi malamulo ake omveka. N'zooneka ngati anthu, zoyera mbuu, zosaona, zimasaka ndi makutu. Ndiye kuti wofuna kupulumuka akhale chete, ngakhale chinthucho chikununkhiza pafupi ndi tsaya lake. Pali pomwe Rebecca ndi Sam agona phee chilombo chikudutsa, ndiye wotchi ya pamkono ikuyamba kulira. Chinanso, zilombozi zimafa. Zili ndi zazikazi, zili ndi ana. Azimayiwa samangothawa, amamenya, ndipo mmene akumenyera m'pamene mumayamba kuona kuti nkhanza za m'phangamo sizikuchokera mbali imodzi yokha.

Kodi anajambuladi m'phanga lenileni?

Ayi. Anaona kuti phanga lenileni n'loopsa komanso lochedwetsa ntchito, ndiye anamanga mapanga 21 ku Pinewood Studios pafupi ndi London, motsogozedwa ndi Simon Bowles, n'kumawatembenuza ndi kuwasintha kuti azioneka ngati malo atsopano. Nkhalango ndi mitsinje ya kunja anajambula ku Scotland ndi ku England, osati ku America komwe nkhani ikuchitikira.

Chomwe chimabisa zonsezi ndi kuunika. Wojambula, Sam McCurdy, anagwirizana ndi Marshall kuti kuwala kuzichokera pa zomwe azimayiwo anyamula: nyali za pachipewa, miuni yofiira, timitengo towala mobiriwira, kamera ija, kenako moto. Nthawi zambiri mbali yaikulu ya sikirini imakhala yakuda bii, kachigawo kochepa kokha n'komwe kali ndi munthu. Gulu likabalalika, mtundu wa kuwala ndi womwe umakuthandizani kudziwa kuti tsopano muli ndi ndani. Mafilimu ena a m'mapanga amawala ngati muli magetsi a mumsewu, ndipo mantha amathera pomwepo.

N'chifukwa chiyani onse ndi azimayi? Kodi n'zongofuna kukopa anthu?

Poyamba nkhaniyi inali ndi amuna ndi akazi osakanikirana, kenako Marshall anasintha poona kuti mafilimu oopsa okhala ndi akazi okhaokha ndi osowa. Dog Soldiers inali ya asilikali aamuna, ndiye apa anatembenukira kwina. Chosangalatsa n'chakuti filimuyi siipanga nkhani pa zimenezi. Palibe mwamuna wobwera kudzawapulumutsa, palibe wovula zovala popanda chifukwa. Ndi anthu odziwa zingwe, amphamvu, oseka mokweza, okhala ndi zakukhosi zomwe sanauzane. Osewerawo anachokera m'maiko osiyana, ndipo kalankhulidwe kawo kosiyana kamathandiza kuwasiyanitsa mumdima.

Apa ndiyenera kunena chofooka chimodzi. Zipewa zikavalidwa, matope akawapaka kumaso, Rebecca, Sam ndi Beth amavuta kuwasiyanitsa kwa woonera koyamba. Mvetserani bwino gawo la m'kanyumba ka m'nkhalango, usiku woti mawa alowa m'phanga, kuti mugwire maina ndi mawu awo.

Ndimaopa malo othinana. Ndingaipirire?

Zitengera kukula kwa manthawo. Ngati kumangokhala kusamasuka pang'ono mukakhala m'chikepe kapena pampando wakumbuyo wa minibasi yodzaza, mudzaipirira, ndipo mwina mudzaimva kukoma kuposa anzanu, poti inakonzedwera inu. Koma ngati munagwidwapo ndi mantha oti mtima kugunda kwambiri, thukuta, manja kunjenjemera, kumva ngati mukufa, musadzikakamize. Palibe mphoto ya kupirira filimu. Mukafunabe, onerani ndi munthu wina, nyali ili yoyaka, ndipo muziimitsa mukamva kuti chifuwa chathina. Gawo la kukanirira kwa Sarah ndilo lovuta kwambiri. Mukalidutsa, zotsatira zake ndi mantha a mtundu wina.

Magazi ndi ochuluka bwanji? Ana angaonere?

Ndi ochuluka. Pali fupa lotulukira kunja, khosi lobooledwa, anthu odyedwa ali moyo, maso otuzulidwa ndi zala, ndi dziwe la magazi lomwe Sarah akumiramo mpaka kumutu. Ku Britain anaiika m'gulu la azaka 18 kupita m'mwamba, ndipo ku America ili ndi chizindikiro cha R, kutanthauza kuti osakwana zaka 17 saloledwa kuionera popanda munthu wamkulu. Mulinso kutukwana. Ana ayi, ngakhale ali pamiyendo panu mukuganiza kuti agona. Imfa ya Jessica imabwerabwera m'maloto a mayi ake filimu yonse, ndipo mwana woonera angaisunge nthawi yaitali.

Akuti ili ndi mathero awiri. Enieni ndi ati? (Apa ndiulula mathero, dumphani ngati simunaonere)

Kuti mathero amveke, tiyambe ndi Juno. Pa nkhondo yoyamba ndi zilombo, Juno akumva chinthu kumbuyo kwake, akutembenuka ndi chikwanje chokwerera matanthwe, n'kubaya Beth pakhosi mwangozi. Ngoziyo munthu angaikhululuke. Chovuta n'chakuti akumusiya ali moyo, n'kukanamiza anzake. Sarah akudzamupeza Beth akadapuma, ndipo Beth akumupatsa kamkanda komwe anakathothola pakhosi pa Juno. Mawu olembedwa pakamkandako ndi omwe Paul ankakonda kunena. Apo Sarah akuzindikira kuti Juno anali pachibwenzi ndi mwamuna wake. Beth akumupempha kuti asamusiye kuti zilombo zimudye wamoyo, ndipo Sarah akuchita zomwe wapemphedwa. Kumapeto, atamenya nkhondo limodzi ndi Juno, Sarah akumuonetsa kamkandako, akumukhapa mwendo, n'kumusiyira zilombo.

Kenako Sarah akugwa, akuona kuwala, akukwera pa mulu wa mafupa, akutulukira kunja, akuthamangira galimoto, akuyendetsa mpaka kuima m'mbali mwa msewu, ndipo akuona mzukwa wa Juno pampando wa pambali. Filimu yomwe inaonetsedwa ku America imathera pamenepa. Ya ku Britain imapitirira pafupifupi mphindi imodzi: Sarah akudzidzimuka akadali m'phanga, kutuluka konse kuja anali maloto, ndipo patsogolo pake akuona Jessica ndi keke ya tsiku lobadwa. Kamera ikamabwerera m'mbuyo mukuona kuti ndi muuni wake chabe, ndipo zilombo zikumveka zikuyandikira.

Ogulitsa filimuyi ku America anadula mphindi imeneyo poona kuti oonera oyesera anaipeza yomvetsa chisoni kwambiri. Ine ndikuti funani ya ku Britain. Nkhani yonse ndi ya mayi yemwe imfa ya mwana wake inamutsekera kale asanalowe m'phanga, ndipo mathero amenewa ndi okhawo omwe amaikwaniritsa. Za Juno anthu amatsutsanabe mpaka lero. Ananama, anadzikonda, koma ndi iye yemwe anakana kutuluka popanda Sarah pomwe ena ankafuna kupita. Ine sindinganene kuti chilango chomwe analandira chinali cholungama, ndipo ndikuona kuti filimuyi siikufunanso kuti tinene choncho.

Kodi zoterezi zimachitikadi?

Zilombo ayi. Nyama zokhala m'mapanga akuya zilipo, ndipo n'zoona kuti zambiri zimataya maso ndi mtundu wa khungu, monga nsomba zosaona za ku Mexico, koma zimakhala zing'onozing'ono chifukwa chakudya m'phanga n'chosowa. Filimuyi imayesa kutseka mpata umenewu posonyeza kuti zilombo zake zimakasaka kunja n'kubweretsa nyama mkati.

Zinazo n'zenizeni. Mu 2009, ku Nutty Putty Cave ku Utah, mwamuna wina anakanirira chadodolido m'kanjira kopapatiza, opulumutsa analimbana kwa maola oposa 24 koma anamwalira, ndipo phangalo analitseka thupi lake lili momwemo. Mu 2018 anyamata 12 a timu ya mpira ndi mphunzitsi wawo anatsekeredwa ndi madzi m'phanga la Tham Luang ku Thailand kwa milungu yoposa iwiri asanatulutsidwe onse amoyo. Iwo anapezeka chifukwa njinga zawo zinali pakhomo pa phanga, anthu anadziwa koyambira kufuna. N'chifukwa chake olowa m'mapanga amalimbikira lamulo louza munthu wa kunja komwe mukupita ndi nthawi yomwe mutuluke, komanso kunyamula nyali zosachepera zitatu aliyense. Cholakwa cha Juno n'chomwe munthu wodziwa mapanga angachione kukhala chachikulu kuposa zonse.

Ndionere bwanji kuti ndiimve kukoma?

Usiku, nyali zozima, foni ili patali. Masana dzuwa likuwala pa sikirini simudzaona kanthu, mudzangoti filimu yake n'njakuda. Mawu ndi theka la filimuyi: kudontha kwa madzi, kukhuluzika kwa miyala, kulira kwa zilombo patali, ndi nyimbo za David Julyan zomwe zimamveka zachisoni kuposa zoopseza. Ngati mukuonera pa foni kapena pa laputopu, valani mahedifoni. Pewaninso makope opanikizidwa kwambiri kuti achepe, chifukwa mdima umasanduka timabokosi totuwa ndipo zomwe zabisala m'makona sizioneka. Pali malo angapo m'theka loyamba pomwe chilombo chili pachithunzi koma ambiri sachiona ulendo woyamba. Pagulu la anthu ocheza ndi kuseka filimuyi imafooka, anthu awiri kapena atatu ndi okwana.

Nanga The Descent Part 2?

Inatuluka mu 2009, motsogozedwa ndi Jon Harris yemwe analumikiza zithunzi za filimu yoyamba. Imayambira pa mathero a ku America, ndipo Sarah akubwezedwa m'phanga ndi apolisi ndi opulumutsa. Mapanga ake ndi owala kwambiri, ndipo imafufuta zina zomwe yoyamba inasiya zili bwino. Mungathe kuidumpha osataya kanthu.

Ndikaikonda, ndionerenso iti? Nanga ndikafuna yopanda zilombo?

As Above, So Below ya 2014 ikuchitikira m'manda a pansi pa mzinda wa Paris, ndipo ili ndi gawo limodzi la munthu wokanirira pa mafupa lomwe limathina pachifuwa, ngakhale nkhani yake imalowera ku zamizimu ndipo kamera yake imagwedezeka kwambiri. The Cave inatuluka chaka chimodzi ndi The Descent, inadya ndalama zambiri kuposa iyo, koma siiluma. Buried ya 2010 ndi Ryan Reynolds yekha m'bokosi lokwiriridwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo kwa woopa malo othinana imeneyo ndi yowawa kuposa zonse zomwe ndatchulazi.

Kwa amene akufuna phanga popanda kukhapana, nkhani ya anyamata a ku Thailand ija ilipo pawiri: The Rescue ya 2021, yomwe ndi ya zochitika zenizeni ndipo akulankhulamo ndi anthu omwe anasambira kukawatenga, ndi Thirteen Lives ya 2022 yotsogozedwa ndi Ron Howard. Mafilimu awiriwa mungaonere limodzi ndi ana okulirapo, ngakhale magawo osambira m'njira zodzaza madzi amabanikitsa ndithu.